Tsiku Limene Ndinakwecha Lupanga la Jenerali

Mbiri ya Jenerali ndimaidziwa kuposa ya makolo anga. Sindinaifune ayi. Anachita kundithira m'makutu miyezi isanu ndi iwiri m'nyumba ina yaikulu ku Oakville.

Ntchito ya m'nyumbamo anandipezera ndi achemwali anga. Iwo anali atatha zaka zisanu akusamalira nkhalamba yachizungu, mwini nyumbayo: kuisambitsa, kuimwetsa mankhwala, kuikankha pa mpando wamatayala. Ine ndinafika ku Canada chaka chimene kwathu ankavotera matipati, ndili ndi Fomu 2 yosamaliza ndi mtima wapachala. Kosungira katundu ku Etobicoke ndinangokhalako milungu itatu, ndinam'gwira kapitawo pakhosi. Ndiye tili m'sitima tsiku loyamba, achemwali anati:

"Iwe, kumeneku ukakangotsegula pakamwa, wochotsedwa ndine. Ana anga ukawadyetsa ndiwe?"

"Ndamva, achemwali."

"Sunamve. Bwereza."

Ntchito yanga inali kunyamula nkhalambayo, kukolopa, ndi kuchotsa sinowo, chipale chakumeneko, pakhomo ndi fosholo. Koma ntchito yeniyeni inali kumvetsera. Pakhoma la pabalaza panali chithunzi chachikulu cha mzungu wandevu ali pahatchi. Ameneyo ndiye Jenerali, agogo a bambo a nkhalambayo. Anabadwira ku Mangalande, m'banja la eni minda yosatheka kuizungulira wapansi. Udindo wa usilikali bambo ake anachita kumugulira, ngati mbuzi pamsika. Anatsogolera asilikali apahatchi pankhondo ziwiri. Mahatchi awiri anawomberedwa iye ali pamsana, ndipo nkhalambayo inkawatchula mayina mahatchiwo, misozi ili lengelenge. Atatopa ndi nkhondo analowa m'nyumba ya malamulo, anakhalamo mpaka imvi, n'kufera pabedi lake.

Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Nanga anthu amene ankawatsogolerawo anafa angati?"

"Oo, ambiri," inatero, n'kubwereranso kwa mahatchi.

Agogo a bambo anga anatengedwa pankhondo yoyamba ya azungu kukakhala mtengatenga. Anasenza mabokosi mpaka sanabwerere. Chithunzi palibe, manda sitiwadziwa. Ndinkazikumbukira zimenezi ndikupukuta galasi la Jenerali, koma pakamwa ndinali nditatseka monga ndinalonjezera.

Pansi pa chithunzicho pankapachikidwa lupanga lake. Linali lakuda bii, chogwirira chake chitachita ndere zobiriwira. Mlungu wina mwana wamkazi wa nkhalambayo, amene tinkamutcha madamu, anati Lamlungu kubwera achibale, nyumba yonse iwale. Kwathu chiwiya chakuda ndi manyazi a mwini nyumba. Amayi ankatikwechetsa mapoto ndi mchenga ndi phulusa mpaka udzionemo nkhope. Ndinati lero achemwali aone kuti mlongo wawo si wandewu zokha. Ndinatapa phulusa pamalo owothera moto, ndinatenga sitiliwulu ndi ndimu, ndinakhala nalo m'galaja masana onse. Zala zinatuluka magazi. Koma linawala, abale, linawala ngati latsopano.

Ndinalinyamula ndekha kukamuonetsa madamu, ndikumwetulira ngati chitsiru.

Anakuwa. Anati pa lupangalo panali timaluwa tagolide ndi malemba, ndipo ine ndafufuta zonse. Kudako ndiye kunali ulemerero wake, palibe analikhudzapo chifere mwini wake. Kenako anatembenukira kwa achemwali, amene anathamangira kuchokera kukhitchini.

"Ndinakukhulupirira. Anthu inu mumaona ngati chilichonse ndi poto?"

Anthu inu. Mawu anali atafika kale pakhosi: za mabokosi, za manda osadziwika, za mahatchi oliridwa maliro kuposa anthu. Lupanga lili m'manja mwangamu.

Ndipamene achemwali anagwada. Mayi wa ana atatu, amene kutchalitchi anthu amamuimirira, anagwada pakapeti n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu ngati ali pamaso pa apongozi. Madamu sanadziwe n'komwe tanthauzo lake, anangobwerera m'mbuyo. Achemwali osandiyang'ana anati m'Chichewa, motsitsa:

"Tsegula pakamwapo uone."

Ndinaika lupanga patebulo. Ndinati, "Sole, madamu. Achemwali sanandiuze, ndachita ndekha. Ndichotseni ineyo." Kubadwa kwanga konse ndinali ndisanamezepo mawu. Amawawa kuposa kwinini.

Anandichotsa tsiku lomwelo. Ndikuvala jekete, nkhalamba inaitana kuchokera pampando wake, osadziwa chimene chachitika, kuti ndibwere indiuze mmene Jenerali anaolokera mtsinje.

Achemwali ntchito anaisunga, zaka zina ziwiri mpaka nkhalambayo itamwalira. Ana anadya. Koma madzulo amenewo m'sitima sanandilankhule mpaka tinatsika. Ankangosasa maondo a yunifolomu yawo, ngakhale kapeti ya m'nyumba muja inalibe fumbi. Ndinali nditaisesa ndekha m'mawa.