Masiku Khumi ndi Awiri Opanda Eyakoni

Amayi anga anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu m'chipinda chochapira cha hotela ina yaikulu, pansi penipeni pa nyumbayo, kopanda zenera ngakhale limodzi. Ntchito yawo inali kusita nsalu za pabedi, za pathebulo ndi mayunifolomu a operekera zakudya. Anzawo ankawatchula kuti Mayi Simbi. Pamkono pawo pali zipsera zitatu, ndipo chilichonse amakumbukira chaka chake.

Atapuma pantchito anabwera kudzakhala nafe, poti ine ndinali nditangochira kumene mwana wanga woyamba. Timakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, denga lili pamutu. Mwana atakwanitsa masiku naini, dzuwa lili pachimake, eyakoni yathu, makina oziziritsa m'nyumba, inakhosomola kawiri, kenako zii.

Wokonza anabwera, n'kutsegula, n'kupukusa mutu. "Kachipangizo kena kapsa, ndipo kuno sikapezeka. Ndiitanitsa, koma mudikira ndithu."

Pofika masana m'nyumba munali ngati mu uvuni. Khanda linatuluka tiziphuphu m'khosi, likungolira osayamwa. Nanenso ndinayamba kulira. Mwamuna wanga anali chiimire pansi pa eyakoniyo, akudinadina rimoti.

"Apongozi, chakufa sichimva rimoti," anatero amayi. "Tolerani mabotolo onse m'nyumba muno, mudzaze madzi, muike m'firiji mpaka aume gwa. Iwe mwanangu, pukuta misozi. Madzi amenewo tikuwafuna."

Anavula masilipasi n'kuyenda chipinda ndi chipinda, akugunda khoma lililonse ndi kuseri kwa dzanja monga amayesera simbi. Anakaima m'kanjira kopita kubafa, kumene dzuwa silifika. "Matiresi abwere pano."

M'mawa mwake anadzuka kusanache, natsegula mazenera onse. Dzuwa litangotuluka anatseka, n'kupachikapo mabulangete.

"Amayi, tipsatu muno!" anadandaula mwamuna wanga.

"Mukatsegula pano mulowetsa moto. Mphepo yabwino timaikola m'mawa, n'kuitsekera."

Ananyowetsa nsalu ya pabedi, kuifinya mpaka osadontha, n'kuiyanika pakhomo la kanjirako. Kumbuyo kwake anaika fani, kutsogolo beseni la mabotolo ouma aja, ndipo ankawasintha pakapita maola awiri osayang'ana wotchi. Kuphika konse kunkatha m'mamawa. Khanda ankalipukuta ndi madzi ofunda pang'ono, osati ozizira, ndipo ine ndikamayamwitsa ankaima pamutu panga ndi kapu mpaka ndimalize kumwa. Tsiku lachitatu tiziphuphu tinayamba kuuma, mwana n'kugona maola atatu osadzuka.

Ndinawafunsa kumene anaphunzira zonsezi.

"Kuntchito kuja munthu ankagwa simbi ili m'manja," anatero. "Ndanyamulapo akazi anzanga anayi. Mabwana ankati fani ikubwera mwezi wamawa. Ndiye tikanatani? Tinadziphunzitsa tokha."

Moyang'anana ndi khomo lathu mumakhala aphunzitsi ena opuma, okalamba, okhala okha. Tsiku lachinayi amayi anati, "Aphunzitsi aja lero sindinawamve akutsegula wailesi." Anakagogoda mpaka achikulirewo anatsegula, akudzandira, milomo itauma, asakutulukanso thukuta. Amayi anawagwira mkono n'kubwera nawo kwathu, kuwakhazika pafupi ndi beseni, kuwaika nsalu yonyowa m'khosi ndi m'khwapa, n'kumawamwetsa madzi pang'onopang'ono. Mwamuna wanga anathamangira namwino wokhala pansi pathu. Namwinoyo atawayeza anati akanakhala okha mpaka madzulo, nkhani ikanakhala ina.

Mbiri inayenda m'masitepe. Pofika kumapeto kwa sabata amayi anali atalowa m'nyumba zisanu, akugunda makoma a eni ake ndi kusunthitsa matiresi. Wina anayamba kuwaitana kuti Ainjiniya, iwo n'kumayankha osaseka n'komwe.

Wokonza uja anabwera tsiku lakhumi ndi chiwiri, malaya atamatirira kumsana. Atalowa m'kanjira kaja n'kumva kuti mukuzizira, anaima, n'kuyang'ana eyakoni, n'kuyang'ana ife.

"Mwaitana wokonza wina?"

"Eya," anatero mwamuna wanga, akuloza amayi amene ankafinya nsalu kubafa. "Apongozi angawa."

Makina atayamba kulira, amayi anakhala pampando kwa kanthawi, manja ali pamiyendo. Kenako ananyamuka kukatenga juzi, n'kuuza wokonzayo kuti achepetseko, mwana angadwale chimfine.