Chingwe Choyezera Agogo

Dzulo ndinalowa kwa telala pa Mwanza Boma, ndipo fungo la nsalu yatsopano linandikumbutsa agogo Gositino, agogo awo a mayi anga.

Agogowo sankadzukanso pamphasa. Amayi ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala, ine ndinkawasendera manachesi ndikaweruka kusukulu. Tsiku lina amayi aang'ono anabwera kuchokera ku Blantyre, n'kuyamba kuwayeza ndi chingwe ali mtulo, akumanga mfundo apa ndi apo.

"Zitheka Loweruka lisanafike?" ananong'ona amayi.

"Zitheka, achemwali. Koma eni akewa asadziwe."

Kwathu munthu wogona amamuyeza akafuna kumukhomera bokosi. Kufunsa ndinachita manyazi, choncho ndinangolemba m'kope langa kuti, "Akufuna kuwaika ali moyo." Masana omwewo ndinasolola chingwecho m'chikwama cha amayi aang'ono, n'kuchidulako ndi lezala, n'kuchibwezeramo. Ndinkati bokosi likachepa, awasiya.

Loweruka kunafika nkhuni, mabenchi a kutchalitchi ndi amayi a kwaya. Ine ndinakhala pakhomo la agogo, osachokapo. Kenako amalume anawatulutsa pampando atavala suti yatsopano, anthu akululutira kuti akwanitsa zaka handiredi. Koma buluku linathera m'munsi mwa mawondo.

"Telala ameneyu ndi chidakwa!" anakalipa amayi aang'ono.

Agogo anayang'ana miyendo yawo n'kuseka. "Musiyeni mwana wa eni. Ndine amene ndikukulabe."

Pano ndinadziwa kuti si zonse zimene akuluakulu amanong'onezana zili za maliro, koma telala uja sindinamupepesebe.