Anti Nachisale Anakana Shifiti Pakati pa Chipululu

Lolemba lapitali ndinaika chithunzi pa gulu lathu la pafoni, la Amalawi a kuno ku Indiana. Pachithunzipo Anti Nachisale aima m'mbali mwa msewu ku Arizona, pafupi ndi chomera chaminga chachitali kuposa nyumba. Sipanapite nthawi, bambo wina wa ku Beech Grove analemba kuti, "Sabata yonse osagwira ntchito, kukaona minga? Koma ndiye mwasanduka azungu."

Anthu anaseka. Ine sindinayankhe pagulupo. Ndikuyankha pano.

Kwa amene simuwadziwa, Anti Nachisale ndi mayi wa zaka zopitirira makumi asanu. Amasamalira okalamba ku South Bend, ndipo ntchitoyo ayigwira zaka khumi ndi zisanu. Mwana wawo Thoko wapeza ntchito ya unamwino m'tauni ina yaing'ono ku Arizona, ndiye panafunika womupititsira galimoto. Anti masiku ano sayendetsa mtunda wautali. Anandipempha kuti ndiwadrayivire, ine n'kuvomera. Ndinanyamuka kwathu ku Lawrence, kukawatenga, ulendo n'kuyambika.

Ndivomere pano kuti ine ndinali pa changu. Maganizo anga anali kufika, kusiya galimoto, kukwera ndege. Masiku awiri oyamba tinangothamanga. Titalowa mu New Mexico, Anti anandigwira mkono.

"Mwana wanga, tsika mumsewu waukuluwu. Kuyambira dzana ndikungoona matako a mathiraki."

"Anti, msewu winawo ndi wozungulira."

"Nanga tikuthamangira maliro?"

Ndinakhota. Msewu wake unali wopapatiza, wowongoka ngati chingwe, galimoto imodzi pa mphindi khumi. Kuyambira pamenepo, mawu a Anti anali amodzi: "Ima."

Tinaima pa kamalo kothira mafuta, pomwe chikwangwani chimachenjeza kuti kutsogolo mafuta ali kutali. Tinaima m'tauni yakufa, nyumba zogona alendo zopanda zitseko, udzu utamera m'khonde, ndipo Anti anasuzumira m'chipinda chilichonse ngati akufuna lendi. Tinaima kuonerera sitima ya katundu yomwe mutu wake unazimiririka mchira usanaoneke. Kamvuluvulu atadutsa m'chigwa, anaomba m'manja ngati mwana. Pena tinapeza mayi wachikulire, mmodzi wa eni dera akalekale, akukazinga buledi m'mafuta pansi pa kachisakasa. Anti analuma kamodzi n'kunena kuti, "Awa ndi mandasi oti wina anawakhalira." Mayiyo sanamve Chichewacho, koma anaseka nawo.

Titaima kachisanu ndi chiwiri, pansi pa mapiri ofiira ngati njerwa zootcha, mtima unandikwera.

"Anti, ndi miyala iyi. Ku Mulanje kulibe miyala?"

Sanandiyang'ane. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Matenda anga a shuga afika m'maso. Adokotala akuti diso lakumanzereli latsala pang'ono, linalo likutsatira. Thoko sindinamuuze, ndikamuuza tikafika. Ndiye ndisiye ndione, iwe."

Ndinakhala pamwala. Chakudza sichiimba ng'oma. Andilola okha kuti ndilembe zimenezi.

Tili pomwepo foni yawo inalira. Anali a kuntchito: wina wadwala, kodi sangabwerere msanga kudzamugwirira shifiti ya Loweruka ndi Lamlungu? Ine ndimawadziwa Anti. Akhala akugwira Khrisimasi pafupifupi iliyonse. Ubatizo wa mdzukulu wa mchemwali wawo anauphonya chifukwa cha foni yotereyi. Ndinayamba kale kuganiza zosintha matikiti a ndege.

Anayankha m'Chingerezi chawo chodekha kuti ayi. Sanapepese, sanapeke chifukwa. Anati ali patchuthi, adzabwera tsiku lomwe analemba. Kenako anadula foni.

"Akandichotsa ntchito?" anandifunsa.

"Sangakuchotseni, Anti. Tchuthicho anasainira okha."

"Ngakhale andichotse." Anabwezera magalasi kumaso. "Tiye, ndikufuna ndikaone zaminga zija."

Tsopano ndibwere kwa inu, abale anga.

Tinabwera kuno kudzagwira ntchito, zoona. Kumudzi akutidalira, zoonanso. Koma kodi ndi liti pomwe tinagwirizana kuti Mmalawi akaima kuyang'ana phiri ndiye kuti wadzikweza? Alipo pakati pathu amene akhala m'dziko muno zaka makumi awiri, koma Amereka amene amamudziwa ndi msewu wa pakati pa South Bend ndi Indianapolis, minda ya chimanga uku ndi uku, ndi malo oimika galimoto a kuntchito. Tikakwera ndege ndiye kuti kwagwa zovuta. Tikakumana, moni wathu ndi wakuti, "Mukugwira madabulo angati sabata ino?" Wogwira mashifiti awiri patsiku kambirimbiri ndiye timamupatsa ulemu, ngakhale akuyenda chotsimphina.

Ndiye mawu akuti "mwasanduka azungu" aja amandipweteka. Tanthauzo lake ndi lakuti kuona zokongola ndi kwa anthu ena, ife kwathu ndi kutembenuza odwala, kukolopa ndi kutumiza. Mawu otere akanatiuza mlendo, tikanakwiya mpaka kuitanitsa msonkhano. Koma tikuuzana tokha, n'kumaseka.

Ine ndakana. Ana athu obadwira kuno, amene timawalankhula Chichewa iwo n'kumayankha m'Chingerezi, akutiona. Akuphunzira kuti kukhala Mmalawi ndi kutopa. Kenako timadabwa akamatalikirana nafe.

Sindikunena kuti aliyense apite ku Arizona. Mwina inu chipululu sichikukukhudzani, palibe mlandu. Ndikunena kuti mnzanu akapuma, musamuyese mbava.

Thoko tinamupeza Lachinayi madzulo, akudikira panja pa nyumba yomwe akuchita lendi. Anti anadya, anasamba, kenako anamuitana mwana wawo kukhonde n'kumuuza. Ine ndinatsala m'nyumba. Ndinamva Thoko akulira, ndi mawu a Anti akuti, "Usalire, sindinafe. Mawa uli ofu? Undiperekeze kuphiri likuoneka apolo."

M'mawa anapita awiriwiri, ine anandisiya ndikugona.

Anti abwerera kuntchito dzulo, pa tsiku lomwe analemba. Palibe amene wawachotsa. Mwezi wamawa ayamba kulandira chithandizo cha diso lakumanja.

Bambo a ku Beech Grove, ndimakulemekezani, ndipo ndikudziwa kuti mumagwira ntchito ziwiri. Ndingokufunsani chimodzi: tsiku lomwe thupi lidzakane, kuntchito adzaika wina pa shifiti yanu sabata isanathe. Nanga inuyo, mukadzakhala pampando osatha kutuluka, mudzakhala mukukumbukira chiyani?