Malo Asanu Opumira

Pa nyumba ina ku Area 10 pali madala osamalira maluwa, amene kale ankaliza chitoliro mu bandi ya tchalitchi kwawo. Amathirira kapinga akuimba mluzu, ndipo nyimbo ya pa wailesi ikapanda kuwakomera amapukusa mutu, amvekere, "Iyi aiphula yosapsa."

Mwini nyumbayo, mayi Esnati, amapeka nyimbo pa kompyuta. Atalemba ya ukwati wa mng'ono wawo, kompyuta inailiza mokoma ndi mawu a chitoliro. Koma kutatsala masiku awiri, woliza chitoliro anaikana, akuti njosatheka.

Madala anaimvetsera ali pazenera, payipi ili m'manja.

"Mayi, taiimbani ndi pakamwa monga yalizira kompyutamo."

Mayi Esnati anayamba bwinobwino, koma asanafike pakati mpweya unawathera, maso ali tong'o. Madala anaseka mpaka misozi. Kenako anapukuta manja, natenga pensulo n'kuchonga papepala malo asanu opumira.

"Kompyuta yanuyi ilibe mapapo, mayi. Ife tili nawofe muzitisiyirako kampata."

Loweruka chitoliro chinalira m'tchalitchi, ndipo pa malo asanu aja madala, ali pabenchi yakumbuyo, ankakoka mpweya limodzi ndi wolizayo.