Loweruka la Abeseni

Dzina lenileni la bambo anga linatsalira pachiphaso cha kuntchito. Kutchalitchi kwathu aliyense ankawaitana Abeseni, ngakhale abusa polengeza kutsogolo, ndipo iwo ankangovomera. Dzinali linachokera ku beseni lachitsulo lomwe ankamangirira pakaliyala wa njinga Loweruka lililonse m'mawa, mkati mwake muli mathawulo awiri, sopo, lezala ndi sizasi. Ankapita kukasambitsa abambo okalamba ndi odwala a mumpingo mwathu, amene sankathanso kudzisambitsa okha.

Ntchito yawo yolembedwa inali yochapa pachipatala. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ankakankha ngolo ya nsalu zakuda kuchokera m'mawodi, kuzisankha, kuziviika m'mankhwala, kuziponya m'makina, kenako kuzipinda zikadali zotentha. Chipinda chochapiramo chinali ndi kazenera kamodzi, ndipo ankaweruka malaya atamatirira kumsana. Manja awo anali okakala, osweka m'mphepete mwa zikhadabo. Amayi ankati manja amenewo angathe kupala nsomba popanda mpeni.

Zosambitsa anthuzi sanachite kuzipempha. Lamulungu lina, ine ndikadali pasukulu, abusa anauza abambo onse kuti atsalire mapemphero akatha. Panali mkulu wina, mlonda wakale, yemwe anali chigonere ndipo analibe m'bale pafupi. Amayi a mumpingo ankamuphikira ndi kumusesera, koma kumusambitsa sakanatha. Abusa atafunsa kuti angapite ndani, abambo onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Kenako wina kumbuyo anati, "Si tili ndi anzathu a kuchipatala? Fungo analizolowera." Anthu anaseka. Bambo anakweza mkono, poti maso onse anali atafika kale pa iwo.

"Ndinkayesa n'kamodzi kokha," anandiuza nditakula.

Kamodziko kanatenga zaka pafupifupi makumi awiri. Mpingo unakhazikitsa komiti yoona za odwala ya abambo asanu ndi awiri, kuwerengera ndi bambo omwe, yokhala ndi wapampando, mlembi, ngakhale wachiwiri kwa mlembi. Masiku ena ankapita onse, mataye m'khosi, Mabaibulo m'khwapa. Ankaimba nyimbo, wapampando n'kupemphera pemphero lalitali, koma bambo akangolowa ndi madzi, wapampandoyo ankaimirira n'kunena kuti, "Abale, tiyeni tiwapatse mpata." Onse n'kutuluka osabwereranso. Chaka chikamatha ankawaimiritsa bambo kutsogolo kuti mpingo uwaombere m'manja.

Loweruka limodzi ankayendera nyumba zitatu, nthawi zina zinayi. M'nyumba zambiri ankayamba ndi kukoleza moto okha kuti atenthetse madzi. Akatero, kumudzutsa munthu, kumukhazika pampando, kumusambitsa kuyambira kumutu, kuona ngati kumsana kwayamba zilonda, kumumeta, kumuwenga zikhadabo, kusintha zofunda. Ena ankalira ndi manyazi. Ena ankatukwana. Mkulu wina anauza mpingo wonse kuti Abeseni amamubera sopo, chonsecho sopoyo ankachoka m'nyumba mwathu. Ankafika kunyumba dzuwa litapendeka, n'kukhala pakhonde nsapato zili kuphazi, chakudya chikuzizira patebulo.

"Denga la kukhitchini chaka chino n'chachitatu likudontha," amayi ankatero. "Kapena lidwale kaye kuti mulipitire ndi beseni lanulo?"

"Ndamva, mayi."

"Mwamva chiyani? Anzanu a komiti ali kumpira."

Kawiri konse bambo anakauza abusa kuti atopa, papezeke wina wosinthana naye. Abusa ankawagwira paphewa. "Tiyeni tizipempherere, tione amene Ambuye atipatse." Loweruka linkafika munthuyo asanapezeke, ndipo bambo ankapopa njinga.

Kenako anadwala Ahedi. Awa anali mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo kwa zaka zambirimbiri, munthu wamtali ndi wathupi, yemwe akakhosomola ana a kwaya ankasiya kunong'onezana. Ndi iwo amene, kale bambo ndi amayi asanakwatirane, anawaimiritsa pamaso pa mpingo wonse chifukwa amayi anali ndi pakati. Anawerenga mlandu wawo mokweza, mawu amodziamodzi, n'kuwauza kuti akakhale pabenchi ya kumbuyo chaka chathunthu osayandikira Mgonero. Mimba imeneyo ndinali ine.

Sitiroko inawapha Ahedi mbali yonse ya kumanja, pakamwa n'kupotoka. Akazi awo anali atamwalira kale. Mwana wawo wamwamuna, yemwe tonse tinkamutchula Adalaivala, ankayendetsa mathiraki a maulendo ataliatali, ndipo panyumba pankatsala mkazi wake, amene sakanatha kuvula apongozi ake.

Nthawi imeneyo tinali ndi abusa atsopano, osadziwa zakale. Anabwera okha kunyumba kwathu kudzanena nkhaniyi. Anapeza amayi akusita, bambo akumata chubu cha njinga, ine ndabwera ndi ana anga kudzacheza. Amayi atamva dzinalo anaika simbi pansi.

"Abusa, inu ndinu obwera. Munthu ameneyo anatiimiritsa pagulu ngati mbava zogwidwa pamsika."

"Koma mayi, zimenezo n'zakale."

"Kwa inu n'zakale. Ine ndimakumbukira ndi diresi lomwe ndinavala tsikulo."

Abusa anatembenukira kwa bambo. Bambo anaviika chubu m'madzi, n'kuyang'ana ngati pakutuluka thovu.

"Amatha kukhala tsonga okha?" anafunsa.

"Ayi."

"Ndiye akonzeretu mpando wokhala ndi kotsamira."

Amayi analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Sabata yonseyo ankawapatsira bambo chakudya osawayang'ana.

Zambiri za m'chipinda cha Ahedi bambo anandiuza pambuyo pake, pang'onopang'ono, chifukwa sankakonda kukamba za matupi a anthu. Tsiku loyamba Ahedi atawazindikira anakoka bulangete ndi dzanja lamoyolo n'kudziphimba kumaso. Bambo anadikira kanthawi, kenako ananena zomwe ankanena kwa aliyense: "Madzi akuzizira, bambo." Bulangete linatsika.

Ahedi sanali wodwala wophweka. Madzi akatentha pang'ono ankamenya bambo pamkono. Akazizira pang'ono, chimodzimodzi. Ndevu ankafuna zimetedwe motsitsa, ndipo pomaliza ankapempha kalilole kuti aone ngati sipanatsale kanthu, ngati akuchonga mayeso. Mawu awo ankatuluka olemera, ovuta kumva, koma akamadandaula ankamveka bwinobwino. Ndipo ankalemera. Kuwachotsa pabedi kupita pampando, kuwabwezanso, bambo ankatuluka m'nyumbamo atagwira m'chiuno, n'kuyamba akankha kaye njinga mpaka pamsewu asanakwere.

Ndinawafunsa ngati Ahedi anatchulapo za kale lija. Anati kamodzi, chaka chachiwiri. Akuwasambitsa kumutu, Ahedi anangoti, "Mwana uja?"

"Ali bwino. Ali pabanja, ana awiri."

Bambo anasiya kupaka sopo, kudikira. Kenako Ahedi anati, "Sopo walowa m'maso." Nkhani inathera pomwepo.

"Ndiye munamva bwanji, ababa?"

"Ndinawatsukuluza m'maso."

Chaka chachitatu, Loweruka lina kutacha bwino, bambo anapeza Adalaivala ali panyumba, akutsuka galimoto pabwalo. Anapatsana moni, Adalaivala n'kuwathokoza kwambiri ndi manja awiri monga ankachitira nthawi zonse, n'kubwerera kugalimoto yawo. M'chipinda cha Ahedi pansi panali simenti yopakidwa polishi, ndipo madzi anali atadonthera pafupi ndi mpando. Ahedi anayamba kupendekera mbali yakufayo sopo ali thupi lonse. Bambo anawawakha kuti awakhazike bwino, phazi linaterereka, ndipo msana unangoti phwa! Anagwa chagada, Ahedi pamwamba pawo, beseni n'kugubuduka.

Bambo anayesa kudzuka, miyendo inakana. Anakuwa. Mkazi wa Adalaivala anathamanga, koma atangosuzumira anabwerera chafutambuyo akulira, kukaitana mwamuna wake. Adalaivala analowa manja ali thovu, ndipo ataona bambo awo ali maliseche anatembenukira kukhoma.

"Achimwene, khomalo silinagwe," bambo anatero ali pansipo. "Agwa ndi bambo anu. Anyamuleni."

"Ndiwagwire pati?"

"Lowetsani mikono m'khwapa. Mbali yakufayo itsamire pachifuwa panu. Osawakoka ngati thumba la simenti! Pindani mawondo, musanyamule ndi msana ngati chitsiru chili pansichi."

Adalaivala anawakhazika pampando n'kuthamangira kwa bambo kuti awadzutse. Bambo anakana.

"Ine ndisiyeni kaye. Sopo akadali kumsana kwawo, akauma ayabwa. Auzeni akazi anu atenthetse madzi ena, alandirireni pakhomo."

Adalaivala, munthu wa zaka zoposa makumi anayi, wodziwa kubweza thiraki m'kanjira kopanikiza, anasowa poyambira ndi kathawulo m'manja. Bambo ankawauza ali chigonere m'madzi: apa pukutani mosakhula, kwezani mkonowo, umitsani bwino m'mapindi umo ndi momwe zilonda zimayambira. Ahedi anatsinzina nthawi yonseyo, misozi ikutsikira mbali yopotokayo. Sanamenye munthu. Atawaveka malaya n'kuwagoneka, m'pamene bambo analola kuti awanyamulire kugalimoto.

Anakagonekedwa pachipatala chawo chomwecho milungu itatu, pansalu zochapidwa ndi anzawo. Nditapita kukawaona ndinawapeza akusisita m'mphepete mwa nsalu ndi chala, akudandaula kuti wopinda sanalumikize makona. Dokotala ananena mosapsatira kuti zonyamula zatha, kaya munthu, kaya ndowa. Kuntchito anawapumitsa nthawi isanakwane.

Atatuluka, a komiti anabwera kunyumba onse asanu ndi mmodzi. Anaimba, anapemphera, anamwa tiyi. Potsanzika wapampando anakonza kukhosi n'kufunsa, mwaulemu ndithu, kuti Abeseni akuona ngati angayambirenso liti, poti akuluakulu ena awiri omwe ankawasambitsa papita mwezi asanaone madzi.

Amayi analowa m'nyumba, anatuluka ndi beseni lija, mathawulo atapindidwa mkati, n'kuliika pamiyendo pa wapampando.

"Lilibe kiyi ili. Mumangothiramo madzi."

Wapampando analinyamula mpaka kutchalitchi n'kukaliika m'kachipinda ka abusa. Linakhala mmenemo mpaka mvula itayamba, wina n'kuliika podontha. Mmodzi mwa a komiti, makaniko wosalankhulalankhula, anadzalitenga pambuyo pake. Anabwera kwa bambo kudzafunsa kagwiridwe kake, napita kukasambitsa odwala maulendo angapo, kenako kawiri pamwezi, kenako akapeza mpata. Bambo sanamunene. Ankati bola iyeyo anaona mkati mwa chipinda.

Iwo eni sanakhalitse pansi. Atayamba kuyenda ndi ndodo ankakwera minibasi, lezala ndi sizasi m'thumba la jekete, kukameta ndi kuwenga zikhadabo basi. Amayi anakalipa mpaka kutopa. Ine ndinawafunsa kuti bwanji osangopuma, poti ngakhale abusa anali atawamasula.

"Mwana wanga, ine ndinatopa kalekale, iwe usanamalize n'komwe sukulu," anatero. "Koma ndikakhala pano Loweruka, ndimadziwa kuti uje wadzuka, akuyang'ana kuchitseko. Tulo sitibwera, tiyi sakoma. Bola ndikatopere komweko."

Kwa Ahedi sanafunikenso kwenikweni. Adalaivala anapempha maulendo afupiafupi, ndipo akakhala panyumba ankasambitsa bambo awo okha. Masabata omwe kulibe ankabwera makaniko uja. Bambo anapitako kawiri kokha kukawameta, ndipo ulendo womaliza Ahedi sanapemphe kalilole. Ahedi anamwalira chaka chotsatira, nyengo yotentha.

Pamaliro panadzaza anthu, ambiri anali ana awo a sukulu akale, ena ofika pamagalimoto. Anakhoma tenti pabwalo, ndipo olankhula anali ambiri. Wapampando analankhula m'malo mwa komiti, nafotokoza momwe abambo a mpingo anasamalirira Ahedi mpaka tsiku lomaliza. Adalaivala anabwera pomwe tinakhala, anagwada pafupi ndi bambo n'kuwapempha kuti nawonso anenepo mawu. Bambo anapukusa mutu.

"Zomwe ndikudziwa ine za bambo anu si zapagulu, achimwene."

Tinakhala kumapeto kwa tenti, komwe mthunzi unkathera. Abusa atafika pakati pa ulaliki ndinaona mutu wa bambo ukulendewera, ndodo ikutsetsereka pakati pa miyendo. Posakhalitsa anayamba kuliza mkonono, wapansipansi koma womveka. Anthu a mzere wakutsogolo anacheuka. Dikoni wina anabwera monyang'ama atatambasula dzanja kuti awagwedeze paphewa.

Amayi, omwe kutchalitchi ankatsina aliyense wa m'nyumba mwathu akangosinza, analigwira dzanjalo lisanafike.

"Asiyeni," ananong'ona.

Anatola ndodo ija n'kuigoneka pamiyendo pawo, anasendera pafupi kuti mutu wa bambo upeze potsamira, n'kupitiriza kumvetsera ulaliki. Bambo anagona mpaka nyimbo yonyamulira bokosi.