Farao wa Bambo Anga ndi Dzina la Pamjigo

Bambo anga anali ndi farao wawowawo. Anthu ena onse kwathu ankadziwa farao mmodzi yekha, wouma mtima uja timamumva kutchalitchi, koma bambo anali ndi wina amene ngakhale abusa anali asanamumvepo. Anamupeza m'mabuku pamene ankaphunzitsa mbiri yakale kusekondale ina pa boma la Kasungu. Atapuma ntchito anabwera naye kumudzi kwa amayi, cha ku Kaomba, pamodzi ndi njinga yakapalasa ndi makatoni a mabuku amene chiswe chinawalandira ndi manja awiri.

Dzina la faraoyo ndi lolumitsa lilime, ndipo amayi sanavutike nalo n'komwe. Ankangoti "mfumu yanu yofufutidwa ija". Nkhani yake inali yotere. Mfumu ina ya ku Iguputo itamwalira, panadzuka anthu awiri ofuna mpando. Wa bamboyu anatenga chigawo cha kum'mwera n'kulamulira zaka zochepa chabe. Mpaka lero ophunzira sagwirizana ngati anali mwana wa mnzake wolimbana nayeyo, m'bale wake, kapena nduna chabe imene inakula mtima. Mnzakeyo atapambana, anatuma amisiri kukagoba dzina lake pamiyala, ngakhale m'manda amene anadzikonzera. Anthu a kumeneko ankakhulupirira kuti munthu akamuchotsa dzina ndiye kuti wafa kachiwiri.

Bambo ankakonda kuifotokoza tikusoka fodya m'chigafa, manja atada bii ndi utomoni wa masamba.

"Sindikunena kuti anali munthu wabwino," ankatero. "Mwina anali mbava yeniyeni. Koma analipo. Ankadya, ankadwala mutu, ankalamula anthu. Mpando ungamulande, koma sungauze dziko kuti sanabadwe."

"Aphunzitsi, masambawo mukusoka chadodolido," amayi ankawadula. "Bwererani kuno ku Kasungu. Ku Iguputo mupita tikaweruka."

Pa ulimi bambo anali mbuli yotheratu, ndipo ankavomereza okha akuseka. Amene anawagwira dzanja anali msuweni wa amayi, mwana wa mfumu ya mudzi wathu. Ife tonse tinkangowatchula kuti asuweni. Iwo ndi amene anaphunzitsa bambo kufesa nazale, kuthena fodya, ndi kusiyanitsa tsamba labwino ndi chitakataka. Bambo ankabweza ndi nkhani za farao, ndipo m'mudzi monse asuweni okha ndi amene ankamvetsera mpaka kumapeto osayasamula. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa mango akusewera bawo, wina kubera mnzake poyera, onse awiri akudziwa.

Mfumu yathu, atsibweni awo a amayi, inagwa matenda oumitsa ziwalo. Inakhala pamphasa zaka zingapo, pakamwa patapotoka, ndipo ntchito zonse za ufumu zinagwera mwana wawo. Asuweni ndi amene ankapita kumisonkhano, kulengeza maliro, ndi kuweruza milandu ya mbuzi zodya chimanga cha eni.

Zinali zaka za makuponi. Kale ufumu wa kamudzi ngati kathu unali mtolo chabe, woti munthu akauona akutembenukira kumbali. Makuponi a feteleza atabwera, ufumu unanona. Ankabwera ochepa kuposa mabanja, moti thumba limodzi tinkagawana ndi beseni, ndipo wonena kuti beseni lipite kwa yani anali wapampando. Ndinene zoona, asuweni ankagawa bwino. Amasiye sankawadumpha, ndipo chaka china asuweni eni ake anakhala opanda.

M'zaka zomwezo anatikumbira mjigo. Mmisiri amene ankamanga chiguwa chake anatola msomali n'kulemba pasimenti yaiwisi kuti Mfumu, kenako dzina la asuweni. Iwo sanamutume. Komanso sanafufute, chikhalirecho simentiyo inali yofewa tsiku lonse.

Agogo amfumu atamwalira, nkhani inabuka. Kwathu ufumu sutsata mwana, umatsata bele. Umapita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo osankha ndife akazi a mbumba. Ine ndinali nditakwatiwa kale, mwana ali kumsana, choncho ndinakhala nawo m'nyumba yosankhira. Tinasankha amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali kalaliki pa esiteti ina. Anali munthu wofatsa, woopa alongo ake kuposa njoka, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake tinawasankha.

Asuweni sanazione choncho, ndipo anali ndi chifukwa. Amayi awo anali a cha ku Kaluluma, kumene mwana ndi wa bambo, ndipo agogo anaperekadi ng'ombe powakwatira. Asuweni anakula akumva kwa akuchikazi kuti kwanu ndi kwa bambo ako. Tsopano ife a kwa bambo awo tinali kuwauza kuti kwanu ndi kwa mayi ako. Mabanja ena amene anathandizidwa pa makuponi anawaikira kumbuyo, nkhani inakafika kwa agulupu, ndipo mwambo unapambana. Amalume analowa ufumu m'chilimwe. Asuweni anabwera pamwambowo n'kukhala kumapeto kwa benchi.

Zikanathera pomwepo pakanapanda mjigo uja. M'mawa uliwonse tikamatunga madzi tinkaponda mawu aja, Mfumu uje, ndipo zinkatiwawa. Ine ndinali mmodzi mwa olongolola kwambiri. Pa za mpandowo sindinasinthe maganizo mpaka lero, unali wathu. Akazi a mbumba tinagwirizana kuti dzinalo ligobedwe, amalume anangogwedeza mutu monga mwa masiku onse, ndipo mawu anakawapeza asuweni dzuwa lisanapendeke.

Yankho lawo linali lalifupi. "Mpando ndasiya, sindinalimbane nawo. Koma tsiku limene mugobe dzina lija, ine ndimanga ng'ombe pangolo. Pano ndiye kuti sindinakhalepo."

Tonse tinkadziwa kuti analibe kolowera. Amayi awo anamwalira kalekale, ndipo minda ya ku Kaluluma eni ake anagawana. Munthu wa imvi, wa adzukulu, akanakathera ku utenanti pa esiteti, kulimira wina fodya posinthana ndi chimanga. Tinkadziwa, koma mkwiyo wa pachibale sumva.

Ntchito yogoba tinaipereka kwa bambo. Anali mkamwini, ndipo ntchito zimene eni mudzi safuna kudetsa nazo manja zimagwera akamwini. Anali ndi tchizulo ndi hamala, ndiponso ena ankafuna aone kuti mnzawo wa asuweni wa pabawoyu ali mbali iti. Mkamwini asamakule mwendo, amatero akuluakulu. Pa nkhani ya ufumu wa eni bambo analibe pakamwa, ngakhale anali atakhala pamudzipo mpaka kumera imvi. Anawomba m'manja n'kunena kuti amva.

Mkamwini sakana ntchito, koma palibe mwambo wonena kuti aifulumire. Tsiku loyamba tchizulo inali yobuntha. Ataipititsa kokanola, mpini wa hamala unapezeka kuti wagweduka. Mpini utakonzedwa, bondo linayamba kuwawa, bondo lomwelo limene linkapalasa njinga mpaka pa boma kukatenga penshoni. Kenako anati simenti siigobedwa dzuwa likuswa mtengo chifukwa imang'aluka yonse, ndipo m'mawa pamjigo pamakhala anthu ambiri. Munthu amene sankadziwa kusiyana kwa simenti ndi phulusa anasanduka katswiri wa zomangamanga.

Nthawi inali kupita. Kudambo anthu anali atafesa kale nazale za fodya, mabedi atayamba kubiriwira. Malo a asuweni okha anali gwa, osatipula n'komwe. Munthu amene akuganiza zosamuka safesa nazale. Kubawo asuweni anasiya kubwera, ndipo ndinkawaona bambo atakhala okha pansi pa mango paja akusuntha njere m'maenje popanda wosewera naye.

Tsiku lina ndinawapeza akumanga udzu wophimbira nazale yawo, ndipo ndinawafunsa mosapita m'mbali.

"Ababa, kodi tchizulo ija ikudwalabe?"

Ndinkayembekezera kuti ayamba za Iguputo, ndipo ndinali nditakonzeka kuwadula ngati amayi. Koma anangopitiriza kumanga udzu.

"Mwanawe," anatero, "mabuku onse aja amanena za mfumu imene inalamula ndi mfumu imene inafufutidwa. Palibe limene limanena za munthu amene anamupatsa tchizulo. Ine ndaphunzitsa nkhani imeneyi moyo wanga wonse, ndipo iyeyo ndinali ndisanamuganizirepo. Mwina nayenso anali ndi mnzake."

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakwiya chifukwa chowamvera chisonicho. Ndinakawauza amayi zonse mmene zinalili, ndikuganiza kuti akawakalipira.

Amayi sanawakalipire bambo. M'mawa mwake anaitanitsa azing'ono awo, ife ana, ndi amalume, pakhonde pawo. Iwo ndiwo anali wamkulu wa mbumba, ndipo akaitana munthu ankasiya madzi pamoto.

"Kuli mfumu ina ya aphunzitsi awa, ya ku Iguputo," anayamba choncho, bambo ali chapatali akunamizira kukonza njinga. "Ndaimva mpaka makutu anga anachita zipsera. Anailanda mpando, mwina moyenera, kaya. Koma olandawo sanakhute, anakagobanso dzina. Lero papita zaka zosawerengeka, kuno ku Kasungu kuli nkhalamba imene ikuwononga fodya wanga chifukwa cholira wofufutidwayo. Wopambana uja sindinamvepo akumulira."

Amayi aang'ono ena anafuna kulankhula, amayi anakweza dzanja.

"Mpando tinaufuna, tatenga. Uli apa, wakhala phee ngati mwini wake." Analoza amalume, amene anayang'ana pansi. "Tsopano tikagoba paja patsala chibowo. Madzi azidikha, ana aziterereka, ndipo mdzukulu aliyense azifunsa kuti pachibowo apa panali ndani. Muzidzayankha inuyo. Muzidzanenanso kuti atsibweni athu atagona pamphasa ankawatembenuza ndani, chifukwa ine sindinkawatembenuza, ngakhale inu achimwene."

Kenako amalume, mwina koyamba chilowereni ufumu, anagamula mlandu okha. Anati dzina likhale.

Koma kugamula n'kwina, kubweza mtima wa munthu n'kwina. Asuweni anali atabwereka kale ngolo, itaima kuseri kwa nyumba yawo. Kutumiza nthumwi kukanakhala ngati tikuwachitira chifundo, ndipo iwo chifundo chathu sankachifuna. Apa amayi anagwiritsa ntchito chimene iwo okha anali nacho. Pachisuweni anthu amatukwanizana, kulandana zinthu, kutchulana mwamuna ndi mkazi, ndipo palibe amene amapita nazo kubwalo. Chiyambireni mkangano amayi anali atasiya zonsezo, akumapereka moni waulemu ngati kwa mlendo, ndipo ndikukhulupirira kuti ulemu umenewo unkawapweteka asuweni kuposa chigamulo cha agulupu.

Ndinawatsatira. Anafika pabwalo pa asuweni osaodira, n'kulunjika kungolo, n'kusenza goli la ng'ombe paphewa.

"Mwamuna wanga waulesi iwe," anatero, "anzako afesa, iwe uli pano kuwerenga nthiti za ng'ombe. Ukufuna chaka chino ndidye chiyani? Goli ili ndatenga, ndikawotcha nalo mbatata."

Asuweni anatuluka m'nyumba n'kuwayang'ana. Ndinaopa kuti alira pamaso pathu.

"Yayi, nadi ndiwe mfiti," anatero asuweni. "Unandikana ndili mnyamata, wandilanda mpando, lero wafika pagoli. Amene anakukwatira uja ndimamumvera chisoni."

"Akukudikira pabawo. Wakhala akudzibera yekha mwezi wonse."

Amayi anapita nalodi golilo, ndipo linakhala kuseri kwa nkhokwe yathu mpaka mvula itagwa.

Kutacha, ndikusesa pabwalo, ndinawaona asuweni akubwera ndi khasu ndi makeni awiri othirira. Sanandipatse moni ine, ndipo sindinawadandaule. Anaima pakhomo pa bambo.

"Aphunzitsi, tiyeni kudambo. Mbewu yachedwa."

Bambo anatuluka nsapato ili kuphazi limodzi, bondo lija litachira. Fodya wa asuweni chaka chimenecho sanachite bwino, anawokera mochedwa, ndipo makuponi atabwera anaima pamzere ngati wina aliyense, kudikira kuti amalume awatchule. Ndinaona kuti zinawawawa. Koma anaima.

Asuweni anakhala nafe zaka zina zambiri ndithu. Atamwalira panalibe amene anafunsa kuti maliro apita kuti. Tinawaika kumanda kwathu, pafupi ndi bambo awo, ndipo akazi a mbumba, ife tomwe aja, ndi amene tinagona pasiwa.