Madiresi Oiwala Eni Ake

Tsiku loyamba limene a Telala anapita kukathandiza kunyumba yosungira amayi osowa pokhala, kuseri kwa tchalitchi chathu, anawalandira ngati munthu wodzagona. Chinawagulitsa ndi chikwama. Anali atanyamula chichikwama chodzaza zigamba ndi ulusi, kumapazi mapatapata otha zidendene, ndipo atafika pageti anakhala pabenchi kuti mawondo apumeko. Namwino wopuma pantchito amene amayang'anira nyumbayo anali wachilendo mumpingo. Anawagwira paphewa n'kunena kuti, "Pepani mayi, mwafika. Lero musafotokoze chilichonse." Anawapatsa sopo, thaulo ndi bedi lapafupi ndi zenera.

A Telala satha kudula munthu pakamwa. Anasamba. Anamwa tiyi. Abusa ndiwo anawapeza atakhala pabedi, thaulo paphewa, ndipo anafunsa ngati ana awalanda nyumba. Nkhaniyi inafika mumzere wathu wa nyumba eni ake asanafike.

Mayiwa anasoka zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ya zitsulo, mpaka diso la singano linayamba kuwazemba. Bambo anamwalira, ana ali kutali. Salankhulalankhula, poti pakamwa pawo pamakhala mapini, ndipo mwina ndi mwayi wathu, chifukwa anayeza chiuno cha aliyense kuno ndipo amadziwa amene ananama pa miyezi ya mimba.

Ntchito imene anawapatsa inali yongosankha zovala zimene akhristu timapereka. Koma sipanatenge nthawi, anaona kuti amayi a m'nyumbamo safuna kutuluka nazo pageti. Mpingo wathu uli ndi maso. Munthu akavala diresi lopatsidwa, mwini wake wakale amayamba kumwetulira ali pabenchi lachitatu, ndipo potuluka amakuwa kuti, "Eee, lakukhalanitu! Ndinkalivala ndisananenepe." Ife timati ndi chikondi. Wovalayo sabweranso Lamlungu linalo.

A Telala sanadzudzule munthu. Anangokweza makina awo opalasa ndi phazi pawilibala, n'kukawaika m'chipinda chochapira, pakati pa mabeseni. Kuyambira pamenepo chovala chilichonse chimayamba chadutsa pamakinapo. Kolala ya ili imapita pa ilo, manja aatali amadulidwa, mabatani amasamuka. Singano amawalowetsera ulusi ndi amayi a m'nyumbamo, mosinthana.

Ndiye kunabwera amake mapasa. Abale a malemu amuna awo anawatulutsa m'nyumba, ndipo mapasawo, atsikana a zaka zisanu, anatsala kwa alamu awo. Alamuwo ananenetsa kuti ana sapita kokagona pagulu, mayiyo ayambe wapeza ntchito ndi chipinda. Ntchito inamveka: golosale ya akazi a tcheyamani wa mpingo inkafuna munthu wosanja katundu m'mashelefu. Vuto linali lakuti akazi a tcheyamaniwo ananenapo pamsonkhano wa amayi kuti anthu akunyumba ija sangawalembe, ati amabwera ndi mavuto awo kuntchito. Vuto lachiwiri linali msinkhu. Amake mapasa ndi aatali, ndipo m'katoni monse diresi lowakwana linali limodzi, lobiriwira, limene akazi a tcheyamani omwewo anavina nalo maukwati zaka khumi.

"Imani mowongoka, mwanawe," anatero a Telala ali chogwada, tepi m'khosi. "Mukupindika ngati mwaba nkhuku."

"Amayi, akalizindikira ndifa ndi manyazi."

"Diresi ili ndinasoka ndine. Iwo ankangovala. Akalizindikira, ndimeza mapini onsewa inu mukuona."

"Nanga akandifunsa kumene ndikukhala?"

"Mukanene zoona. Ine sindisoka mabodza. Ndikungofuna akayambe aona inu, diresi lawo pambuyo."

Anagwira masiku atatu. Anachotsa maluwa apachifuwa, manja ake otukumuka anawaphwetsa, khosi analiika kolala yoyera yochokera pa shati ya munthu wina amene sindimutchula, poti amakhala moyang'anana nafe.

Zakugolosale tinazimva kwa mlonda, yemwe makutu ake sagona ngakhale maso atagona. Akuti akazi a tcheyamani anawanyamulitsa makatoni, anawasanjitsa sopo ndi machesi, ndipo anakhutira. Kenako anagwira nsalu ya diresi ndi zala ziwiri.

"Nsalu yabwino," anatero. "Ndinali nalo lamtundu uwu, koma telala wake analiwononga. Mukukhala kuti, mayi?"

Amake mapasa ananena zoona zonse, za nyumba yakuseri kwa tchalitchi ndi za ana. Munthu amene wangotha kumutama ndi wovuta kumubweza.

"Bwerani Lolemba," anatero akazi a tcheyamani pomaliza. "Tiyese mwezi umodzi."

Mwezi umodziwo tsopano wakwana isanu. Amake mapasa anapeza kachipinda kuseri kwa kalipentala, ndipo sabata yatha alamu aja anabweretsa ana, nkhope ili ndwii koma ana ali m'manja. A Telala atamva zoti telala wake analiwononga diresi lija, anapalasa makina mwaukali tsiku lonse.

Mumpingo si onse akukondwa. Lamlungu tsopano amayi akunyumba ija amadzaza mabenchi awiri, ndipo makosi athu atopa ndi kucheuka, palibe amene akupeza chake. Aneba anga, amene amapereka zovala chaka chilichonse, anandiuza tikuyanika zochapa kuti, "Tisanamizane, ife timapereka kuti tikazione zitavalidwa. Chaka chino ndipereka bulangete, ndione ngati aliike kolala."